Mfuti ya mwana wanga wamkazi: chifukwa chake ndinasankha 7x57

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 12. Kuyambira ali ndi zaka 9 wakhala akupita nane ku famu ina ya nyama kufupi ndi Thabazimbi, kuno ku Limpopo, komwe ndimasaka nswala ndi njiri nthawi yozizira kuti tipeze ndiwo ndi biltong, nyama youmitsa ija. Iye ndiye amanyamula ndodo zotsamiritsapo mfuti, ndipo mapazi a nyama amawaona msanga kuposa ine. Chaka chatha anandiuza kuti, "Adadi, chaka chamawa nswala ndiwombe ndine."

Ndinasangalala, ndipo chisangalalo chomwecho chinandilakwitsa. Tsiku lina kumalo oyeserera kuwomba ndinamupatsa mfuti yanga ya .30-06. Anawomba kamodzi, mfuti inamumenya paphewa, scope (galasi lolozera la pamwamba pa mfuti) inatsala pang'ono kumugunda pachikope. Sanalire. Anati sizinapweteke, ine n'kukhulupirira. Koma sabata yotsatira atagwira mfuti yaing'ono ya .22 yomwe anaizolowera, ija sikankha n'komwe, zipolopolo zinkagwera pansi chakumanzere. Ndinamuikira chipolopolo chabodza pakati pa zenizeni osamuuza. Atakoka, mfuti inangoti "kete", koma iye anali atatsinzina kale, phewa lili patsogolo, mpope waloza pansi. Mantha anali atalowa m'thupi ngakhale pakamwa ankakana. Panapita miyezi itatu ndi mabokosi ambiri a .22 kuti asiye kutsinzina.

N'chifukwa chake nkhani ya caliber ya mfuti yake, ndiko kuti mtundu ndi kukula kwa chipolopolo chake, ndinaitenga mwachifatse. Palinso lamulo. Kuno ku South Africa, pansi pa Firearms Control Act ya 2000, laisensi imaperekedwa pa mfuti imodzi yodziwika nambala yake, ndipo mpope pawokha umawerengedwa ngati mfuti. Munthu sungadzuke m'mawa n'kusintha mpope chifukwa wasintha maganizo. Uyenera kubwereranso ku SAPS, polisi ya dziko lino, ndi mapepala, n'kudikira miyezi. Laisensiyo idzakhala m'dzina langa, poti ndili ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, ndipo mwanayo aziwomba ine ndili pambali pake monga lamulo likunenera. Tsono ndinkafuna mfuti yoti igwirizane ndi phewa lake lero, komanso idzamukwanire akadzafika zaka 21.

Aliyense amene ndinamufunsa anayamba ndi .243 Winchester. Sindikuinyoza. Inatuluka mu 1955, anaipanga pochepetsa khosi la chipolopolo cha .308, ndipo kukankha kwake ndi pafupifupi theka la kwa .30-06. Ana ambiri aphera nswala yawo yoyamba pa .243. Zipolopolo zake zimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti. Tikanakhala ku Karoo kapena ku Free State, kuchigwa koyera komwe springbok umaiwombera pa mamita 250, ndikanagula .243 osaganiza kawiri.

Koma ife timasaka m'tchire lowirira. Nswala timaipeza pa mamita 60 kapena 80. Pamtunda waufupi chotero chipolopolo chopepuka chothamanga kwambiri chimasweka chikagunda fupa, n'kuononga nyama yambiri. Ndasendapo nswala zophedwa ndi .243 chapafupi, phewa lonse lili magazi oundana, loyenera agalu basi. Ine ndinakulira kwa Mkanda ku Mchinji, komwe agogo anali ndi gogodera wawo, ndipo nyama ikabwera pakhomo palibe chimene chinkatayidwa, ngakhale chiboda. Kutaya mwendo wathunthu kumandiwawa mpaka lero. China n'chakuti mipope yambiri ya .243 imathera pa zipolopolo za 100 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo). Mwanayu sadzakhala pa nswala mpaka kale, tsiku lina adzafuna ngoma kapena nyumbu, ndipo nyumbu ndi nyama yolimba moyo. Sindikufuna kuti adzagone usiku akuganiza za nyama imene waivulaza n'kuthawa.

Anzanga achinyamata ankandikakamiza 6.5 Creedmoor ya kampani ya Hornady ija ya mu 2007. Ndi yabwino, imalunjika, sikankha kwambiri, ndipo ndikanagula mfuti yopangapanga m'sitolo mwina ndikanatenga imeneyo.

Amene anandithetsera nkhani ndi mkulu wina wokonza mfuti, tonse timangomutchula kuti Oom. Ndinali ndi action (chitsulo chapakati pa mfuti chimene chimalowetsa ndi kutulutsa chipolopolo) yakale ya Mauser 98 imene ndinkafuna amangirepo mfutiyo. Anaitembenuza m'manja, n'kundiuza kuti chitsulo chimenechi ndi chipolopolo cha 7x57 ndi pachibale, chipolopolocho chimalowa mosavuta popanda kusema kapena kuwotcherera kalikonse. 7x57 ndi ya Mauser yemweyo, ya mu 1892, ndipo Mabuno anaigwiritsa ntchito pa nkhondo yawo ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902. Oom anayambanso kukamba za mlenje W.D.M. Bell amene anapha njovu mazanamazana ndi chipolopolo chimenechi, koma zimenezo sizinandikhudze. Mwana wanga sakukasaka njovu.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Ine ndimadzaza ndekha zipolopolo kunyumba, ndipo 7x57 imalola kuyambira pansi n'kumakwera. Chaka choyamba ndimuikira chipolopolo cha 120 grain ndi wonga wochepa, motsatira miyeso yolembedwa ndi opanga wonga, osati zongoganizira, chifukwa kuchepetsa wonga mwachisawawa n'koopsa. Chikatero chimakankha ngati .243, koma chimayenda pang'onopang'ono ndipo sichiphwanya nyama. Akakula tidzapita pa 140 grain. Ikadzafika nthawi ya ngoma ndi nyumbu pali 160 ndi 175 grain, zazitali, zolowa mkati ndithu. Mfuti imodzi, laisensi imodzi.

Ndiyenera kunena kuti caliber ndi gawo chabe la zimene phewa limamva. Oom anamuyeza mwanayo dzanja, khosi ndi pamene tsaya limafika. Mtengo wotsamira paphewa wa mfuti ya munthu wamkulu umatalika pafupifupi mainchesi 13 ndi theka kuchokera pokokera mpaka paphewa. Wake adzaudula pa mainchesi 12, ndipo tiziwonjezera timagawo kumbuyo akamakula. Mtengo ukatalika mwana amaweramira m'mbuyo, mfuti n'kukhala pamkono m'malo mwa paphewa, ndipo pamenepo ngakhale .243 imapweteka. Ndinapempha kuti ikhale yopepuka kwambiri, Oom anakana. Anati mfuti yopepuka ndi imene imamenya zolimba, ndipo poti mwanayo aziwombera pa ndodo, kulemera kumuthandiza kuti isagwedezeke. Tinagwirizana kuti mpope ukhale wa mainchesi 20, kutsogolo kwake kukhale silencer yochepetsa phokoso. Kuno silencer ndi yololedwa, ndipo ndaona ndi maso anga kuti ana ambiri amene amati amaopa kukankha amakhala akuopa phokoso. Scope tinasankha yoti diso likhale patali nayo.

Mayi ake anafunsa funso limodzi lokha, loti mfutiyo izikhala kuti. Izikhala m'sefa yomangiriridwa kukhoma, makiyi ali ndi ine, ndipo mwanayo akudziwa kuti saigwira ine kulibe.

Mwezi watha mnzanga wina anabwera ndi 7x57 yake yokhala ndi silencer, ndipo tinamuyesa mwanayo ndi zipolopolo zofewa zija. Ndinabisanso chabodza pa nambala yachitatu. Atafika pamenepo mfuti inati "kete", mpope sunasunthe, maso onse awiri ali otsegula. Anatembenuka n'kunena kuti, "Adadi, mwandiikiranso chija eti?" Zinayi zotsalazo zinalowa pamalo osaposa chikhatho chake pa mamita 100. Mapepala tinapereka kale ku SAPS, ndipo famu ija ndaisungitsa sabata yachiwiri ya July.