Makilomita 21 kuyambira ku Moshi mpaka ku Soweto: chaka cha wothamanga wamba

Mtunda wa half marathon susintha, ndi makilomita 21.1 kulikonse. Chimene chimasintha ndi dzuwa, zitunda, mpweya, ndi maola amene mwakhala mutapinda miyendo m'basi musanafike. Munthu wogwira ntchito, amene amathamanga mbandakucha asanapite ku ofesi kapena kumsika, angakwanitse mipikisano inayi kapena isanu pachaka. Koma yothamangira nthawi yabwino isapose iwiri. Inayo muzingoithamanga mwachifatse, mukuona dziko.

Chaka chimatsegukira ku Moshi, ku Tanzania, komwe kumachitika Kilimanjaro Marathon mu Febuluwale kapena Malichi. Wapamsewu amadutsa ku Karonga, n'kuwoloka pa Songwe, kugona ku Mbeya, kenako tsiku lathunthu m'basi kulowera kumpoto. Fikani kutatsala masiku awiri, chifukwa mapazi amakhala atatupa ndipo amafuna tsiku loyendayenda kuti aphwe. Wandege amatera pa Kilimanjaro International Airport, pafupifupi makilomita 40 kuchokera m'tauni.

Njira ya ku Moshi ndi yonyenga. Theka loyamba ndi chitunda chokhachokha, kukwera kulowera ku Mweka pakati pa minda ya khofi ndi nthochi, phiri lili poteropo ngati mitambo sinaliphimbe. Ambiri amaopa chitundacho, koma chowononga miyendo ndi kutsetsereka kobwerera. Munthu akaona kuti befu watha amatambasula miyendo, chidendene n'kumamenya phula patsogolo pa thupi, ndipo pofika kilomita 17 ntchafu zauma gwa ngati mitengo. Potsika ponyani mapazi pafupipafupi, thupi liweramire kutsogolo pang'ono. Wengani zikhadabo kutatsala masiku atatu, ndipo nsapato ikhale ndi mpata wa chala chimodzi kutsogolo. Mukapanda kutero zala zimagunda nsapato ulendo wonse wotsikawo, chikhadabo n'kuda bii, patapita masabata n'kusupuka. Apa musayang'ane wotchi kwambiri. Zokonzekera zake zimagwera mu Januwale, mvula ili pakati, ndiye ndi ochepa amafika ali okhwima.

Two Oceans ya ku Cape Town, mu Epulo, ndiyo yofunika kuiganizira msanga kuposa yonse, osati chifukwa cha miyendo koma malo. Ofuna kuthamanga half amachuluka kuposa malo amene alipo, motero amachita mayere miyezi ingapo mpikisano usanafike. Nambala yanu mumakatenga kuchionetsero masiku otsogolera, osati m'mawa wa tsikulo. Mumanyamuka ku Newlands kusanache bwinobwino, muli m'magulu malinga ndi nthawi imene munathamangapo kale. Makilomita awiri oyamba ndi piringupiringu. Osalimbana ndi kuzemba anthu uku ndi uku, mungowonjezera mtunda.

Zitunda zake zodziwika ndi ziwiri, Edinburgh Drive koyambirira ndi Southern Cross Drive mutadutsa theka. Chachiwiricho ndi chachitali, ndipo chimakupezani mphamvu ya chakudya cham'mawa ikuyamba kuchepa. Mukachimaliza musamasuke: msewu wodutsa ku Kirstenbosch ndi wokwera n'kutsika, wopendekera mbali imodzi, mpaka kukafika pabwalo la University of Cape Town. Madzi m'mipikisano yambiri ya ku South Africa amabwera m'timapepala tapulasitiki. Lumani kakona kamodzi, finyani pang'onopang'ono, kapepala kachiwiri gwirani m'manja kapena kabiseni m'kabudula. Yesezanitu kunyumba, poti woyamba kumene amatsamwa kapena kudzithira m'mphuno. Ndipo yang'anani pansi, timapepala totayidwato timaterera.

Wofuna kumaliza m'maola awiri ayenera kuthamanga kilomita iliyonse m'mphindi 5 ndi masekondi 41. Wa 2:15 ndi 6:24, wa 1:45 ndi 4:59. Cholakwika chimene chimabwerezedwa paliponse ndi kuyamba mothamanga ndi masekondi 20 kapena 30 kuposa pamenepo, chifukwa cha nyimbo, khamu ndi mantha. Ngongole imeneyo mumaibweza kuyambira kilomita 15, ndi chiwongoladzanja chomwe. Makilomita atatu oyamba achepetseni ndi masekondi 10, mudzawapeza kutsogolo.

Meyi ndi Juni ndi miyezi yomanga thupi: kunja kwazizira, misewu yauma. Masiku anayi pasabata ndi okwana. Limodzi la ulendo wautali, woyambira makilomita 12 n'kumakwera mpaka 18, pa liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu. Lina la liwiro, monga mamita 800 kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kupumira mphindi ziwiri pakati. Awiri otsalawo ndi opepuka. Mtunda wa sabata musauwonjezere kuposa gawo limodzi mwa khumi, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo pang'ono.

Kenako nyengo yozizira imaunjika mipikisano pamodzi, ndipo apa mpofunika kusankha. Ku Lilongwe kuli Be More Race ya Standard Bank, yomwe ili ndi makilomita 21. Mumagona pabedi panu, kudya chimene munazolowera, kuthamanga misewu yoidziwa, kunja kuli zii. Ngati pali mpikisano wofunira nthawi yabwino, ndi umenewu. Ku Mulanje kuli Porters Race mu Julayi, yoyambira pa Likhubula. Mtunda wake umaposa half marathon pang'ono, koma si m'bale wake ayi. Ndi kukwera phiri pamiyala, penapake ndi manja omwe, ndipo nthawi imene mumathera pamsewu mukhoza kuiwirikiza kawiri kapena kuposa. Ameneyu amafuna masabata ake oyeserera m'phiri, ndiponso masabata awiri opumula pambuyo pake.

Victoria Falls Marathon imagweranso pakati pa chaka pomwepa. Njira yake ndi ya pa Mchinji, Chipata, Lusaka, kenako makilomita pafupifupi 480 kukafika ku Livingstone. Mpikisano umayambira mbali ya Zimbabwe, choncho kagoneni komweko. Kuwoloka malire m'bandakucha wa tsiku la mpikisano ndi kudziputira mavuto. Kumachako kumazizira kwambiri moti mano amaguguda. Valani juzi yakale yoti mukhoza kuisiya poyambira. Pasanapite nthawi mumapezeka muli pamlatho wa mu 1905, Zambezi ali pansi patali kuphompho, nthunzi ya mathithi ikuyera ndi dzuwa lotuluka kumene. Pamenepa anthu amaima mwadzidzidzi kuti ajambule, ndiye yendani chapakati kapena muwombana nawo. Kuchoka apo njira imatsata mtsinje kulowera ku Zambezi National Park, dera loyendamo njovu. Dzuwa likakwera kuzizira kuja kumatha msanga, ndipo amene anadumpha malo omwera madzi poti "sindikumva ludzu" amazindikira mochedwa.

Za kudya, usiku wa mpikisano si nthawi yolawa zachilendo. Mpunga kapena nsima yocheperapo ndi nkhuku kapena mazira basi. Nyemba, kabichi, tsabola ndi zokazinga zamafuta zisiyeni, chifukwa m'mimba mukatembenuka pa kilomita 9 chimbudzi sichikhala pafupi. M'mawa idyani kutatsala maola atatu: phala, kapena buledi ndi uchi, ndi nthochi imodzi. Mukathamanga kupitirira ola ndi theka, thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola. Gel mmodzi (kapaketi ka shuga wophikirira wa othamanga) pa mphindi 40 zilizonse, womwera madzi, amakwana. Nthochi yakupsa kapena uchi wa m'kapepala zimagwiranso ntchito. Pakani Vaseline m'mphechepeche, m'khwapa ndi pansonga za mabere. Malaya atsopano amene akupatsani polembetsa avaleni mukamaliza, msoko wake sunadziwane ndi khungu lanu.

Soweto Marathon ya ku Johannesburg imatseka chaka mu Novembala. Basi ya ku Johannesburg yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge imakusungani pampando kupitirira tsiku lathunthu, ndiye paliponse pamene yaima tsikani muwongole miyendo. Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali chapa 1,050. Wochokera kunyanja kapena ku Chikwawa amamva kusiyanako pachitunda choyamba, kupuma kumangokhala wefuwefu pa liwiro limene kwawo sachita nalo befu. Onjezani masekondi 15 mpaka 20 pa kilomita, valani kapu, madzi ena muzidzithira pakhosi. Kukokana kwa akatumba kumakonda kugwira apa, pamene kutentha kwakumana ndi miyendo yotopa ndi chaka chonse. Kukayamba, imani, wongolani mwendo mutatsamira khoma, yendani mphindi imodzi, kenako yambirani pang'onopang'ono.

Zokonzekera za Soweto zimagwera mu Okutobala, kwathu kukuwotcha, choncho ulendo wautali uziyamba 5 koloko isanakwane. Mvula ikayandikira malungo nawo amabwera. Mukadwala, malizani mankhwala, ndipo musabwerere pamsewu mpaka adokotala atavomera, ngakhale tikiti ya basi mutagula kale.

Pofika Disembala nsapato imene munayamba nayo ku Moshi inatha kalekale. Nsapato yothamangira imagwira makilomita 500 mpaka 800, ndipo wothamanga makilomita 35 pasabata amafika pamenepo m'miyezi inayi kapena isanu. Yapakaunjika ifinyeni pansi ndi chala chachikulu musanalipire: ngati siponji yake ili ndi makwinya ndipo siyikubwerera, mwini wake woyamba anaimaliza kale.