Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: mayina 15 papepala

M'gawo lathali ndinalekezera pomwe anandipatsa udindo wosankha osewera kiriketi kuno ku Chigwa cha Shire. Kuyambira pamenepo, mndandanda wa timu ya dziko ukatuluka sindiyamba ndi zaka za munthu. Ndimayamba ndi malo amene akaimepo.

Mu T20, kiriketi yaifupi imene timu iliyonse imaponya maova 20 (ova imodzi ndi mipira 6), mumatenga anthu 15, olowa m'bwalo 11. Woponya mmodzi sapitirira maova 4 pa 20 aja, ndiye pafunika oponya asanu, wachisanu ndi chimodzi wosungira. Kusankha kumavutira pamenepa.

Wamkulu akamatha, zimene zimayamba kufooka ndi miyendo ndi phewa, diso likadali lakuthwa. Muyeseni mu Okutobala ku Ngabu, dzuwa litaposa madigiri 40. Akaima m'bwalo maova 15, muikeni kumalire abweze mpira kwa wogwira kumbuyo kwa mawiketi, zitsa zitatu zimene womenya amateteza. Ukadunda kawiri usanafike, omenya aja athamanga kawiri pomwe akanathamanga kamodzi. Zikachitika kakhumi, mwapereka marani (zigoli za kiriketi) 10 ulele. Wotereyu musamutaye msanga ayi. Msendezeni pafupi, mkati mwa mzere wa mayadi 30, makamaka ngati ndi wopotoza mpira, chifukwa luso limenelo limakhwima ndi zaka.

Mnyamata amagwera pena. Akam'menyera sikisi (mpira wodutsa malire m'mwamba, marani 6), mtima umakwera, amafuna kubwezera ndi liwiro. Mpira umagwera pafupi, wotsatira umapita kumbali, kenako phazi ladumpha mzere, womenya wapata mpira waulere womwe ngakhale augwire m'mwamba satuluka. Ndinaona mwana wina wa ku Nchalo akupukuta manja pakabudula kanayi asanayambe kuthamanga, maso ali pansi. Pamenepo pafunika wamkulu aime pambali pake, am'patse mpira m'manja, amuuze kuti, "Iwe, lunjika pa chitsa chapakati basi."

A ku England anachita bwino mu Julaye 2024 pa bwalo la Lord's ku London. James Anderson, wa zaka 41, anatsazika atatulutsa omenya ka 704 mu Test, kiriketi yosewera mpaka masiku asanu, ndipo m'masewero omwewo ndi West Indies, Gus Atkinson, yemwe ankayamba kumene, anatulutsa 12. Wotuluka ndi wolowa anaponyera limodzi.

Kwa ife nkhaniyi ndi yothina kwambiri. Malawi inayamba T20 yovomerezeka ndi ICC, bungwe loyang'anira kiriketi padziko lonse, mu Novembala 2019 posewera ndi Mozambique, koma masewero oterewa sabwera pafupipafupi. Zimandiwawa kuona mnyamata atakwera ndege kukangonyamula madzi. Mukam'tenga, m'patseni masewero atatu otsatizana pa nambala yomwe amalowera kukamenya ku timu yakwawo, ngakhale atuluke ndi ziro koyamba. Komanso musalowetse atsopano oposa atatu pakamodzi.

Papepala langa loyambalo ndinalembapo akuluakulu anayi: wotsegula kumenya mmodzi, wogwira kumbuyo, ndi opotoza awiri. Oponya mwaliwiro onse atatu ndinalemba anyamata osakwana zaka 23.