Tsiku lobenthula ayezi ku Minneapolis

Lachitatu, 7 koloko m'mawa. Kunja kuli -17°C. Dzulo masana kunafunda pang'ono, chipale chofewa cha padenga chinasungunuka, madzi n'kutsika ndi paipi kudzathera pakanjira ka konkire ka oyenda pansi. Usiku madziwo agwirana gwa ngati mwala. Pafupi ndi paipi ayezi wakhuthala masentimita 6, koma kumapeto kwake ndi wopyapyala. Lamulo la mzinda uno wa ku America limapereka maola 24 kwa eni nyumba zokhala banja limodzi kapena awiri kuti ayeretse kanjira chipale chikaleka kugwa, ndipo ayezi wotere ndi amene amathyola anthu miyendo.

Zida zatuluka zitatu. Choyamba ndi chopalira ayezi, chitsulo chafulati chotambalala masentimita pafupifupi 18, cha mpini wautali wofika pachifuwa. Chachiwiri mgwala, chitsulo chachitali cholemera, chachitatu fosholo yachitsulo. Ya pulasitiki yatsala m'nyumba chifukwa kukazizira chonchi imathetheka ikangogunda chibenthu cholimba. Chopalira chayamba chanoledwa ndi tupa, mbali imodzi yokha. Chikanoledwa mbali zonse ngati nkhwangwa, chimakwera pamwamba pa ayezi m'malo molowa pansi pake.

Mchere sitinathire m'mawa. Mchere wamba umaleka kusungunula ayezi bwino kukazizira kupitirira -9°C, umangokhala mbuu pamwamba kudikira mphepo. Pathiridwa mchenga kuti odutsa asaterere, basi.

1 koloko masana. Dzuwa lafika pakanjira, ndipo iyi ndiyo nthawi yake. Konkire imatentha msanga kuposa ayezi, ndiye pakati pa ziwirizi pamalowa kamadzi kochepa kwambiri kamene kamamasula ayezi. Mudzadziwa poona mtundu: malo amene anali oonekera ngati galasi amayamba kutuwa, timathovu tikuyenda pansi.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amaimika chopalira chilili n'kumasinja ngati akusinja chimanga mumtondo. Zotsatira zake ndi tizidutswa touluka kumaso, mikono yowawa, ndi konkire yokumbika timaenje. M'timaenjemo mumalowa madzi, akaundana amafufuma n'kukulitsa mng'alu chaka ndi chaka. Kumenya chilili kuli ndi ntchito imodzi yokha, kulemba mizere. Pamene pakhuthala, dulani mizere yotalikirana masentimita 30 kuti ayezi agawike m'timabwalo. Kenako pitani kumapeto kopyapyala, gonekani mpini mpaka ufike cha m'chiuno, lowetsani chitsulo pansi pa ayezi ndi kukankha ndi thupi lonse, mawondo opinda pang'ono. Likamveka phokoso la "phwa", chibenthu chonse chanyamuka, nthawi zina chachikulu ngati thireyi.

Pansi pa paipi chopalira chinakanika. Pamenepo mgwala unagwira ntchito, kungousiya kuti ugwe ndi kulemera kwake mpaka patsale sentimita imodzi, yotsalayo n'kumalizidwa ndi chopalira. Mgwala usayandikire m'mphepete mwa masitepe kapena panjira ya njerwa, pamabenthuka kamodzi n'kamodzi.

Pa sentimita yomalizayo tinawaza pang'ono mchere wa mtundu wina wotchedwa calcium chloride, yemwe amasungunula ayezi ngakhale kukazizira kwambiri chifukwa amatulutsa kutentha akakhudza madzi. Pang'ono ndithu. Bungwe la boma la Minnesota lolimbana ndi kuipitsidwa kwa chilengedwe, Minnesota Pollution Control Agency, limachenjeza kuti supuni yaing'ono imodzi ya mchere imaipitsa malita pafupifupi 19 a madzi mpaka kalekale, ndipo kapu imodzi ya khofi yodzaza mchere imakwanira zigawo 10 za konkire ya kanjira. Mchere wotsala umathera m'nyanja za mzinda uno ndi mumtsinje wa Mississippi. Konkire yosatha chaka isathiridwe mchere wa mtundu uliwonse, imasupuka pamwamba.

4 koloko. Zibenthu zonse zawoleredwa ndi fosholo n'kutayidwa pakapinga, kumunsi kwa kanjira. Zikaunjikidwa kumtunda, mawa zisungunuka n'kubwerera pomwe zachoka. Paipi yalumikizidwa ndi ina ya mamita awiri kuti madzi azigwera pakapinga. Mchere wosasungunuka wasesedwa n'kubwezedwa m'chidebe, ndipo zitsulo zapukutidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono, popeza mchere ukagona pachitsulo dzimbiri limayamba usiku womwewo.