Sanayankhe koma tokotaimu yadyedwa, umu ndi mmene ndinafufuzira

Sabata yatha ndinaimbira amalume ku Lilongwe pa nkhani ya maliro. Foni inalira mpaka ndinadula ndekha, kuyang'ana balansi yachepa. Mawa lake amalume akulumbira kuti kwawo sinalire nkomwe. Zinandiwawa, pajatu kuno ku Zambia nambala ya ku Malawi ya +265 ndi international olo boda ya Mwami ili pompano apa.

Ndisanapite kukakalipa ndinayamba ndayesa panyumba. Ndinatenga foni ya amai a kunyumba nkuiika patebulo, kulemba balansi yanga papepala, kuimba, kuisiya ilire kanayi, kudula. Palibe chinachoka. Kachiwiri anayankha masekondi 5, zinachoka. Kachitatu ndinaimbira mlamu wanga amene ali ndi voicemail foni yake ili yozima, kamawu kaja kangoyamba kulankhula basi zachokanso, makinawo amatenga ngati munthu wayankha. Apa ndipo ndinaona chinthu chomwe zaka zonsezi sindimachilabadira, kawotchi kapa sikirini kaja 00:01, 00:02 sikamayamba foni ikamalira, kamadikira kaye.

Lolemba ndinatsikira mtauni ku ofesi ya netiweki yanga ndi chitupa changa cha NRC mmanja, sakupatsa mbiri ya nambala popanda kutsimikiza kuti ndi yako. Asisi a pakauntala anatsegula rekodi ya foni ija, amati CDR, mumakhala nambala, nthawi yoimbira, nthawi yoyankhira ndi masekondi. Anandifotokozera bwino ndithu kuti netiweki simvetsera ngati wina wanena halo ayi. Ma switch, makina olumikiza mafoni, amatumizirana timauthenga tawo, kena kakuti ikulira, kenako munthu akadina kobiriwira mbali inayo imabweza kena kotchedwa ANM, kapena 200 OK ngati foni yadutsa njira ya intaneti. Kakangofika kameneko mita yayamba.

Ndiye rekodi yanga ikuti amalume anayankha patangopita masekondi ochepa! Nkhani ili apa, foni yakunja nthawi zina imadutsa mmakampani apakati omwe iwe suwadziwa, ndipo ena osakhulupirika amabweza ANM yabodza kwinaku akukuseweretsa kulira kojambulidwa kuti uzingodikira ndalama zikupita. Dzina lake false answer supervision. Ndinakumbukira za ma landline akale ndi foni zoponya makobiri, kumeneko ekisichenji inkatembenuza magetsi a pawaya munthu akanyamula, chinthu chogwirika, osati izi zongouzana.

Asisi aja analemba dandaulo langa nkundipatsa nambala ya refarensi, ndinaijambula pompo chifukwa zikakanika kumeneko ndiyo upita nayo ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni. Anandifunsanso tsiku ndi ola lenileni, mwayi call log ndinali ndisanafufute.

Dzulo ndinayesanso amalume maso ali pa sikirini, kawotchi kanayamba kuwerenga ikadalira tuu tuu, ndinadula pa 00:02 nkuwalembera pa WhatsApp kuti andiimbire ndiwo.