Geti latseka lokha m'chiperoni, patatha masiku 19

Lero m'mamawa, 5 koloko itangokwana, ndinali nditaima kale panja ndi jekete ndi tochi. Nkhungu inali itatsika moti mtengo wa mapeyala wa kwa aneba sumaoneka. Mayi a kunyumba anatulutsa galimoto, ine n'kuyamba kuwerenga mumtima masekondi 15 a autoclose, nthawi imene geti limadikira lisanadzitseke lokha. Atatha, geti linanyamuka, linayenda pa njanji mosadodoma, n'kukafika pa mzati. Ndinalitsekula ndi kulitseka kakhumi motsatizana, madzi akudontha pa chipewa, ndipo silinakane ngakhale kamodzi. Mtima wanga wakhala pansi, anzanga, chifukwa vutoli landidyera masiku 19.

Inu a ku Lilongwe ndi ku Salima mwina simungamvetse chimene timalimbana nacho kuno ku Bvumbwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yachinyezi imachokera ku nyanja yamchere, kudutsa Mozambique, n'kudzagunda mapiri athu a Thyolo, Mulanje, Limbe mpaka Zomba. Dzina loti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone, kufupi ndi Milange. Tiyi wa m'maesiteti amasangalala nayo nyengoyi, koma chitsulo ndi waya zimalira. Mvula yeniyeni imagwa kuchokera kumwamba, ndiye ukaika kadenga wathana nayo. Chiperoni chimayenda chammbali, chimalowa pansi pa chivundikiro, chimakhala masiku atatu kapena anayi osauma, ndipo usiku kukazizira chimasanduka madontho m'kati mwa bokosi lililonse limene unkaganiza kuti ndi lotseka.

Geti langa ndi lokankha, mamita 4 ndi theka, la machubu achitsulo, ndipo kulemera kwake ndimayerekeza kuti n'kwa makilogalamu pafupifupi 300. Mota ndi D5-Evo ya Centurion, ija ya 12V yokhala ndi batire la 7Ah, yomwe imanyamula mpaka makilogalamu 500. Ndinenetu pano kuti motayo inalibe mlandu uliwonse. Ndinaipeza pa nyumbayi titagula, pamodzi ndi mabimu awiri pa mizati, timaso ta kuwala kwa infrared toletsa geti kutseka pakakhala chinthu pa njira: diso lotumiza kutsidya, diso lolandira mbali ya mota.

Vuto linayamba sabata yachiwiri ya Juni. M'mawa geti limatsekuka bwinobwino, koma kutseka ayi. Ukadina rimoti, zii. Kagetsi kobiriwira ka mabimu, kolembedwa Safe CLS pa bodi yolamulira mota, kamathima, nthawi zina kuphethira, kusonyeza kuti bodi ikuona ngati pali chinthu pakati pa njira. Dzuwa likangotuluka cha m'ma 10, zonse zili bwino ngati sipanachitike kanthu. Ndiye tsiku lililonse mayi a kunyumba, amene amanyamuka usikusiku kupita ku ntchito ku Blantyre, amayenera kutsika m'galimoto, kutsekula kachitseko ka mota ndi kiyi, kumasula giya, n'kukankha chitsulo chonyowa chija ndi manja, atavala zovala zakuntchito. Sanadandaule kwambiri, koma ndinkawaona pa windo ndipo zinkandipweteka.

Ndinayambira pa batire, monga aliyense wa ife akanachitira. Magetsi akathima usiku, batire lofooka limaonekera m'mawa. Langa linali la zaka zitatu. Chaja ikugwira ndinapeza 13.6V, koma nditachotsa magetsi n'kuyendetsa geti, linatsika mpaka pansi pa 11V. Ndinagula lina. Silinali lotaya ndalama chifukwa lakale linalidi litatopa, koma m'mawa wotsatira geti linakanabe.

Kenako mabimu. Ndinapukuta magalasi, ndinachotsa ukonde wa kangaude, ndinapeza ngakhale nkhono yaing'ono itakhazikika pansi pa diso lolandira. Nditatsekula chivundikiro cha lotumiza, m'kati munali timadontho. Apo ndinati ndapeza. Ndinaumitsa ndi hair dryer, ndinalunjikitsa maso onse ndi chingwe cha omanga, ndinadula paipi ya PVC ya 110mm n'kupanga tizipewa pamwamba pa diso lililonse. Masiku awiri kunja kunayera, geti linagwira, ine n'kuganiza kuti zatha. Chiperoni chitabwerera Lachinayi, tinabwereranso pomwe tinayambira.

Pamenepo mmisiri wina amene ndimamulemekeza anandiuza pa foni kuti, achimwene, ingolumikizani Safe CLS ndi Com pa bodi ndi kawaya kuti iziona ngati pa njira palibe kanthu, muiwale za mabimu, aliyense akutero. Ndinalumikiza kwa mphindi zisanu zokha, kuti nditsimikize kuti bodi ndi mota zili bwino, ndipo geti linatsekadi. Kenako ndinachotsa kawayako. Ndili ndi ana awiri, wamng'ono ali ndi zaka zinayi ndipo amakonda kuthamangira galimoto ikamatuluka. Ndikudziwa kuti mota imabwerera ikagunda chinthu, koma kuti ibwerere iyenera kugunda kaye, ndipo chogundidwacho chingakhale mwana wanga. Sindikugwirizana nawo mchitidwe umenewu ngakhale pang'ono, ndipo mageti ambiri amene ndatsekulapo mabokosi ake kuno ndawapeza ndi kawaya kameneka.

Ndiye ndinaitanitsa mabimu atsopano. Apa ndiyamikire msuweni wanga amene ali ku Johannesburg. Zinthu za mageti kumeneko zili paliponse, ndipo iye amandigulira, kukulunga bwino m'katoni, n'kupatsira wodziwika pa basi yodzera ku Mwanza. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa Novembala 2023, kugula zoterezi m'tauni muno kumafuna kulimba mtima, ndipo nthawi zina umapeza kuti chomwe ukufunacho palibe. Komabe pa zinthu zing'onozing'ono sindisiya shopu yanga ya ku Limbe. Bambo a pamenepo amandilola kutsekula paketi ndi kuyeza ndisanalipire, ndipo akakhala kuti alibe amandiuza zoona m'malo mondipatsa chofanana nacho. Mawilo a geti ndi mabering'i ndimakatenga ku Ndirande, kwa mnyamata wina amene amasula mawilo pa lathe. Mawilo amene anandipangira chaka chatha akuyendabe osalira.

Katundu anatenga masiku 8 kuti afike. Pomanga diso lotumiza latsopano, ndinayeza mawaya awiri obwera kuchokera ku bodi ndisanawalumikize. Mita yoyezera magetsi inaonetsa 13.4V. Ndinakhutira, ndinamanga, ndinalunjikitsa, ndinatseka. M'mawa mwake, nkhungu ili tolo, geti linakana.

Tsiku limenelo sindinadye bwino. Batire latsopano, mabimu atsopano, bodi yabwino, mphamvu ikufika. Ndinayamba kuganiza kuti mwina nkhungu yathu ndi yokhuthala kwambiri moti kuwala kwa infrared sikungadutse, koma nzeru inkakana: mabimu amenewa amapangidwira mtunda wautali kuposa mamita asanu a pakhomo panga. Nkhungu imachepetsadi mphamvu ya kuwalako, koma pa kamtunda kotere siyenera kukuzimitsa.

Chimene chinanditsegula maso ndi kukumbukira pampu ya pa chitsime cha apongozi anga ku Luchenza, zaka zinayi zapitazo. Kumeneko nakonso mita inkaonetsa mphamvu yokwanira pa mawaya, koma pampu ikangoyamba kukoka, zonse zimagwa. Mita ya digito simakoka kalenti yoti n'kuitchula, choncho ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi kodyeka, idzakuonetsabe ma volt onse. Ine ndinayeza mawaya ali okha, opanda chowakoka, komanso masana dzuwa likuwala. Ndinayeza pa nthawi imene vuto kulibe, m'njira imene vuto silingaonekere.

Lachiwiri ndinadzuka 4:30. Ndinatsekula diso lotumiza, mawaya ali olumikiza, diso likuyaka, n'kuika mita pa zomangira zake. 8.1V. Ndinadikira pang'ono: 7.6, kenako 8.3, kenako 7.2. Ndinathamangira ku bodi, pa Aux 12V, pamene pamachokera mphamvu ya mabimu: 13.5V, osagwedezeka. Ma volt opitirira asanu ankatayika penapake pansi pa njira ya galimoto, pa mtunda wosakwana mamita 7. Diso lotumiza linkayaka mofooka tsiku lonse. Masana, mpweya uli woyera, kuwala kofookako kunkakwanira. Nkhungu ikabwera n'kudyako pang'ono, lolandira silinkaonanso kanthu. Mavuto awiri ang'onoang'ono, lililonse palokha losakwanira kuimitsa geti.

Ndinazula njerwa za pansi kuyambira pa mzati wa kutsidya. Sindinakumbe kutali. Mzatiwo ndi chubu cha 76mm chopanda chotsekera pamwamba, ndipo amene anaika poyamba analowetsa paipi ya 20mm yodutsamo mawaya m'kati mwake, kukamwa kuli m'mwamba. Mame onse otsika m'chubumo ankathera m'paipi. Pa chigongono cha pansi panali madzi akuda odzadza, ndipo pomwepo, m'madzimo, munali mfundo: mawaya opotana ndi manja, okulungidwa ndi tepi yakuda. Nditaigwira inangosweka. Paipiyo inalinso yong'aluka chapakati, ndipo ndikukhulupirira kuti zinachitika nthaka itasuntha nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, chifukwa njerwa za pamenepo zinatitimira kuyambira nthawi imeneyo.

Koma chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndi wayayo. Nditamupala ndi mpeni, pansi pa utoto wofiirira munatuluka zoyera. Sanali kopa, anali aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, uja amati CCA. Zitsulo ziwirizi zikakumana ndi madzi, kuwonjezera 12V yoyenda usana ndi usiku, aluminiyamu amadyeka n'kusanduka ufa woyera. Ndinasenda masentimita 30 kuchokera pa mfundo, ufa. Ndinasenda mita yathunthu, ufabe. Chinyezi chinali chitayenda m'kati mwa chikopa cha waya ngati mafuta m'chingwe cha nyali. Chonde, musanagule waya, palani kaye, kapena yatsani machesi pa timaulusi take: kopa amafiira n'kukhalabe, CCA amapindika n'kufota nthawi yomweyo. Bambo a ku Limbe aja anandipatsa okha machesi.

Kukonza kwake kunatenga masiku awiri. Ndinaika waya wa kopa weniweni wa 0.75mm, wathunthu kuchokera pa bodi mpaka pa diso, popanda mfundo ngakhale imodzi pansi pa nthaka. Paipi ndinasintha n'kuika ya 25mm, yomata bwino m'malumikizidwe, yopendekera mbali imodzi kumene ndinakumba kadzenje ka miyala kuti madzi akalowa azikhala ndi kopita. Kukamwa kwa paipi tsopano kwayang'ana pansi. Waya asanalowe m'diso ndinamupinda kuti atsike kaye kenako akwere, madontho azigwera panja, ndipo walowera pansi pa bokosi osati kumbuyo. Pa zomangira ndinapaka girisi wa zamagetsi. Mizati yonse iwiri ndinaiwotcherera zotsekera pamwamba, n'kuboola kabowo ka 6mm m'munsi.

Pa silikoni ndikufuna kunenapo, poti ndikudziwa kuti ena mutsutsa. Sindinamate bokosi lonse. Ndinamata pamwamba ndi m'mbali, pansi ndinasiya kampata. Kuno bokosi lomata paliponse limapumabe: masana mpweya umatuluka, usiku umalowa wachinyezi, madziwo n'kusowa potulukira. Komanso silikoni wonunkha ngati viniga uja amadya kopa, ndiye pafupi ndi mawaya gwiritsani wa neutral cure, wosanunkha viniga. Timapaketi ta silica gel ta m'mabokosi a nsapato ndinayesapo chaka chatha, tinakhuta madzi pa sabata imodzi, sindibwerezanso. Kampata ka pansiko ndinakaphimba ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu, chifukwa kwa mlamu wanga ku Zomba nalimata analowa kuseri kwa bodi kufuna kutentha, ndipo bodiyo inapsa naye limodzi.

Nditamaliza ndinayezanso pa diso lotumiza, lili loyaka: 13.2V. Lero m'nkhungu ija, 13.2V yomweyo.

Poti njerwa zinali zozula kale, ndinaona zina zimene sizinandisangalatse. Chubu cha pansi cha geti chili ndi dzimbiri lotupa kumapeto onse awiri, ndipo nditaboola kuti ndione, munatuluka madzi ofiira pafupifupi kapu yathunthu. Njanji nayo yadyeka pamene pamadikha madzi pafupi ndi mota. Pakali pano ndangopala ndi burashi ya waya n'kupaka red oxide, koma penti sagwira bwino nyengo ino, ndiye ntchito yeniyeni idikira Seputembala. Mano a rack, mzere wa mano uja womangidwa pa geti, ndinangowatsuka, sindipaka girisi chifukwa amakoka fumbi n'kusanduka phala lodya pinion, kagiya ka mota kokankha manowo.

Maganizo amene ndili nawo ndi oti dzuwa likabwera ndichotse geti lonse, ndidule chubu cha pansi, ndiike chagalavanaizi, ndikwezenso maziko a mota ndi masentimita angapo kuti isamakhale m'madzi. Bodi ndikufuna kuipopera conformal coating, mankhwala oiteteza ku chinyezi, msuweni akapeza. Ndikulingaliranso za sola yaing'ono ndi batire lalikulu kuti geti lisamadalire magetsi a m'nyumba, mwinanso kachipangizo koyeza chinyezi m'bokosi kotumiza uthenga pa foni, ngakhale sindinayambe ndalembapo pulogalamu ya zoterozo. Aneba awiri andiitana kale kuti ndikaone mageti awo, onse akuti amavuta m'mawa mokha. Loweruka ndiyambira kwa a kumtunda, 4:30, mita m'thumba. Amene munagwiritsapo mabimu opanda waya, aja diso lotumiza limayendera mabatire akeake, ndiuzeni ngati amapirira nyengo ngati yathuyi, chifukwa kwa anebawo njira ndi ya konkire ndipo sindikufuna kuiswa.