Mmene ndinasankhira maikolofoni yoyambira nayo podcast

Ndisanagule kalikonse, ndinalowa m'chipinda chomwe ndinkafuna kumajambuliramo podcast (pulogalamu ya mawu yomvera pa intaneti), ndinatseka chitseko n'kungokhala phee kwa mphindi ziwiri. Firiji inkang'ung'udza kuseri kwa khoma, galimoto zinkadutsa panja, ndipo nditaomba m'manja kamodzi, mawu anandibwerera kuchokera m'makoma. Zimene ndinamva pamenepo ndi zomwe zinandisankhira maikolofoni.

Zotsika mtengo zambiri ndi za mitundu iwiri, condenser ndi dynamic. Ya condenser ili ndi khutu lakuthwa zedi, imatola ngakhale kulira kwa mpando ukangosuntha pang'ono. Mu situdiyo yotchingidwa bwino imakoma, koma kwa ine ikanajambula firiji ija limodzi ndi mawu anga. Ya dynamic imafuna uiyandikire, ndiye poti pakamwa pali pafupi, mawu ako amaphimba phokoso lakutali. Ndinatsimikiza zogula yoteroyo, komanso ikhale ya cardioid, yomwe imamva kwambiri za kutsogolo n'kumanyalanyaza za kumbuyo.

Pa nkhani ya chingwe sindinachedwepo. Ya USB umangoilumikiza ku kompyuta basi, pamene ya XLR imafuna kabokosi kena kotchedwa audio interface, zomwe ndi ndalama zinanso. Samson Q2U ndi Audio-Technica ATR2100x zili ndi polumikizira ponse pawiri, choncho tsiku limene ndidzagule interface sindidzataya maikolofoni. Ndinatenga Q2U. Chinandikopanso n'chakuti ili ndi pobayira mahedifoni, moti ndimadzimva pompopompo ndikamalankhula. Musagule yopanda zimenezi, chonde.

Itafika, ndinatsegula Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira mawu, n'kuyamba kuyesa. Ndikanena "phokoso" kapena "phunziro", mpweya wa "ph" unkamenya maikolofoni n'kumveka ngati ng'oma. Ndinaiveka kasiponji, ndinaipendeketsa pang'ono kuti mpweya uzidutsa m'mbali, ndipo ndinasiya mpata wa zala zitatu pakati pa milomo ndi maikolofoni. Zinatheratu. Gain, yomwe imakweza kapena kutsitsa mphamvu ya mawu olowa pa maikolofoni, ndinaitsitsa mpaka mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB pa mita yoyezera kukwera kwa mawu, chifukwa mawu akangosweka pa 0 dB, pomwe mitayo imathera, kuwakonza n'kovuta kwambiri.

Vuto lomaliza linali tebulo. Ndikangoligunda ndi chigongono, kugunda konseko kunkakwera kudzera m'miyendo ya sitandi ya maikolofoni. Ndinapinda thaulo n'kuliyala pansi pake, kenako ndinapachika bulangete lochindikala pakhoma lakumbuyo kwanga. Nditaombanso m'manja, mawu sanabwererenso ngati poyamba, ndipo madzulo omwewo ndinajambula gawo langa loyamba.