Akuti ndionetse ndalama zomwe maphunziro a masupavaiza abweza

Za Lolemba ndi Lachiwiri sindichulutsa, anzanga a HR (oyang'anira za ogwira ntchito) mukuzidziwa kale: peyirolu, mafomu a tchuthi, ndi kutsatira a akaunti pa ndalama za penshoni zomwe zachedwanso. Dedza akuzizira mwezi uno moti tikugwira ntchito titavala majekete, ndipo Lachiwiri magetsi anathima tsiku lonse, jenereta ilibe dizilo. Peyirolu ndinakamalizira kunyumba usiku.

Chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi msonkhano wa bajeti wa Lachitatu. Kampani yathu imagulitsa feteleza ndi mbewu, ndipo nthawi yokolola timagula soya, nyemba ndi chimanga m'madepoti a ku Lobi, Linthipe, Chimbiya, Bembeke ndi Mayani. Chaka chatha ndinachonderera mpaka abwana analola kuti masupavaiza asanuwo apite ku Lilongwe kukaphunzira za utsogoleri. Ndiye titafika pa ndime ya maphunziro, akulu a zachuma anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mayi, ndalama zija tinatulutsa. Tiuzeni, zabwera zingati?"

Funsolo palokha si loipa, ndipo ndinkaliyembekezera. Tonse a HR tinaphunzira magawo anayi oyezera phindu la maphunziro, a katswiri Donald Kirkpatrick aja a mu 1959: kodi ophunzira anawalandira bwanji maphunzirowo, anatolapo chiyani, asintha kachitidwe atabwerera pantchito, nanga bizinesi yapindula chiyani. Jack Phillips anawonjezera lachisanu, lowerengera ROI, kutanthauza phindu lobwera pa ndalama zomwe walowetsa. Koma zonsezo zimafuna kuti ukhale ndi manambala a mmene zinthu zinalili anthu asanapite kukaphunzira. Ine ndinawapempha manambalawo kawiri, polemba: matumba osowa pa depoti iliyonse, ndi mbewu zomwe zinawonongeka mugodauni. Anandiyankha kuti zimenezo ndi zachinsinsi, za akaunti okha. Amene anandikaniza ndi omwewa akundifunsa lero.

Ndinawauzanso kuti kuyerekeza malonda m'makwacha n'kudzinamiza. Kuchokera pomwe ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lomwelo limalowa m'buku ndi mtengo wina, ndiye depoti imene yagulitsa zochepa ikhoza kuoneka ngati yachita bwino. Ine ndimawerenga matumba.

Ndinatsegula hadikava yanga, momwe ndimalemba zomwe ndimaona ndikayendera madepoti. Ku Lobi, supavaiza wathu, mayi wa ana atatu, atabwera ku maphunziro anayamba kukumana ndi anthu ake m'mawa uliwonse asanatsegule chitseko. Sikelo anaitembenuza kuti iziyang'ana mlimi, aziona yekha makilogalamu ake. Lachisanu lililonse katundu amawerenga anthu awiri, wina n'kusayinira mnzake. Aganyu onyamula matumba, omwe kale ankathawa pakati pa sizoni chifukwa chotukwanidwa, chaka chino anamaliza onse. Madandaulo a alimi oti tikuwabera pa sikelo sanafikenso pa desiki langa, ndipo pa sitokoteki (kuwerenga katundu yense) yomaliza Lobi ndi yokhayo imene sinasowe thumba.

Akulu a zachuma anaseka, amvekere izi ndi nkhani zocheza pa bawo, iwo akufuna nambala imodzi yoika mu lipoti. Abwana aakulu anali pa foni nthawi yonseyi, akuyendetsa chala. Atadzutsa mutu anangoti ndime ya maphunziro ichotsedwe chaka chino, kupatula levi ya TEVET ya 1 peresenti ija, msonkho womwe makampani amapereka wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, poti imeneyo ndi lamulo.

Chomwe sankadziwa n'choti m'chikwama mwanga munali envelopu. M'mawa womwewo, ndisanamwe n'tiyi yemwe, mayi wa ku Lobi uja anatulukira pakhomo la ofesi, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, nsapato zili fumbi lokhalokha, anali atatsika kumene panjinga yamoto. Anakhala kumphepete kwa mpando, envelopu ali nayo m'manja onse awiri.

"Achemwali, musavutike n'kundinyengerera, ndaganiza kale," anatero. "Munandiuza kuti udindo woyang'anira madepoti onse ukatuluka tidzapikisana. Ndangomva kwa dalaivala kuti munthu wayamba kale."

Ndinasowa poyang'ana, chifukwa ndinamuuzadi zimenezo, ndipo ndinkazikhulupirira. Udindowo anapatsidwa mphwawo wa abwana, popanda kulengeza, popanda intavyu. Kalata yake inabwera kwa ine itasayinidwa kale kuti ndingoiika mufayilo. Mayiyu wapeza ntchito kwa ena ogula mbewu cha ku Lizulu.

Ndinatulutsa envelopuyo n'kuiika pakati pa tebulo. Ndinati popeza tikuwerenga ndalama, tiwerengenso izi: kulengeza ntchito m'nyuzipepala, miyezi yomwe watsopano adzatenge kuti adziwe depoti, matumba omwe adzasowe panthawiyo, ndi alimi a ku Lobi omwe amabwera kwa ife chifukwa amamukhulupirira mayiyu, osati chifukwa cha chikwangwani chathu. Mavenda ali pomwepo ndi masikelo awo, sadzachedwa kuwatenga. Ndinafunsanso, mwina mopitirira muyeso, ngati pali amene anawerengera ROI ya mnyamata watsopanoyu. M'chipindamo munangoti zii. Kenako akulu a zachuma anati, "Mwaonatu, timawaphunzitsa kuti akapindulire ena." Abwana anati tipite pa ndime ya mafuta.

Lachinayi ndinapita ku Lobi kukayambitsa zosiyirana, poti notisi yake ndi ya mwezi umodzi monga lamulo likunenera kwa olandira pamwezi. Ndinapeza msonkhano wa m'mawa uli mkati, akuuza aganyu kasanjidwe ka matumba a soya ngati palibe chachitika. Mabuku ake anali oyera, kiyi aliyense ali ndi kapepala kake. Mlimi wina wachikulire atamva nkhaniyi anandifunsa ngati sikelo ipitirire kuyang'ana kwa iwo. Ndinamuuza kuti inde.

Lachisanu mlandu wa mlonda wogona pantchito unalephereka chifukwa mboni inapita kumaliro. Masana mnyamata watsopano uja anabwera kudzafunsa komwe kuli Mayani, ndipo abwana anatumiza uthenga woti ndikonze chilengezo cha ntchito ya supavaiza wa ku Lobi, nditsindikemo kuti tikufuna munthu amene anaphunzira kale za utsogoleri.